Mkazi wa Khutu ndi Injini Yosatentha

Tsiku limene alamu ake anabwera ndi wilibala kudzatenga bokosi la masipanala, mkazi wa Khutu anali atakhala pa tayala lakutha pakhomo pa galaja, akuingitsa ntchentche pa nthochi zimene zinali zitayamba kuda. Chiyambire m'mawa anali asanagulitse ngakhale imodzi. Akanagula ndani? Makasitomala ake anali madalaivala odikira magalimoto awo, ndipo panali patapita miyezi pagalajapo osalowa galimoto.

Inu amene mwadzuka lero mutu uli woima, osadziwa poyambira, tamverani za mayi ameneyu. Kusukulu sanapite patali. Sipanala ankangoidziwa ngati chitsulo chimene chimaboola matumba a ovololo pochapa.

Makanika anali mwamuna wake, makanika weniweni. Anthu ankamutcha Khutu chifukwa galimoto ikamalowa pageti, iye ankangopendeketsa mutu n'kutchula matenda ake mwini galimoto asanatsike n'komwe. Koma tsiku lina batire limene ankatchaja linaphulika, asidi n'kumuthira kumaso. Kuchipatala anatulukako ndi moyo, koma osaonanso.

Anyamata amene ankawaphunzitsa ntchito anabalalika. Makasitomala anabwera kudzapepesa, kenako anayamba kudutsa pageti akuyang'ana kumbali. Khutu anangodzigonera kuchipinda nkhope italoza kukhoma, chakudya kumachita kumukakamiza.

Alamuwo anali mkulu wake wa Khutu, ndipo malo amene panali shedi ya galaja anali awo. Anaimika wilibala, n'kuvula chipewa mwaulemu.

"Alamu, musandione ngati munthu wouma mtima," anatero. "Mng'ono wanga saona, zitsulozi zikungochita dzimbiri. Pali munthu wometa tsitsi akufuna malo ano. Bokosili ndikasunge kwathu."

Mayiyo anadzuka pa tayala paja, n'kukakhala pamwamba pa bokosilo.

"Bokosi ili silichoka, alamu."

"Nanga azigwiritsa ntchito ndani? Inu?"

"Ine."

Mawuwo anangotuluka okha, mwini wake asanawaganize. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Atapukuta misozi anati, "Chabwino, amakanika. Nyengo yozizira ino ikamatha ndidzapeze magalimoto akubwera pano, magalimoto enieni osati njinga. Apo ayi, wometa alowa."

Atapita, mayi uja anatsegula bokosilo n'kuyang'ana m'katimo. Mantha anamugwira kwambiri. Pa zitsulo zonsezo ankadziwapo dzina la hamala yokha.

Ntchito yoyamba inali yodzutsa mwamuna wake. Kumunyengerera kunakanika, kumukalipira kunakanika. Ndiye anachita nzeru. Panali mnansi wina amene galimoto yake inkalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Mayiyo anamupempha kuti aiimike pafupi ndi zenera la kuchipinda n'kuisiya ikulira.

Sipanapite nthawi, m'nyumba munamveka mawu amene anali atasowa kwa miyezi.

"Ndani akuzunza galimoto choncho? Fanibeluti yakhwepa imeneyo! Ngakhale mwana angamve!"

"Ndiye tiyeni mukandisonyeze, bambo," anatero mkazi wake ataima pakhomo, ovololo ya mwamunayo ili m'manja.

"Ndikusonyezeni ndi maso ati, mayi?"

"Maso ndili nawo ine. Inu mungobwera ndi makutu anuwo."

Umu ndi mmene anayambira. M'mawa uliwonse ankatsika msewu wopita kugalaja, mwamuna atagwira phewa la mkazi, mkazi atavala ovololo yopinda kangapo m'miyendo. Anthu a mumsewumo anali ndi zoseka za chaka chonse. Ena ankamutcha makanika wa mpango. Mayi wogulitsa makala pafupi ndi geti ankamufunsa tsiku lililonse ngati injini amaithira mchere.

Ndipo musaganize kuti zinangoyenda. Tsiku lina anakhetsa oyilo wa giyabokosi akuganiza kuti ndi wa injini. Tsiku lina anamanga boti mpaka kuidula. Zala zinang'ambika, zikhadabo zinada, ndipo pamkono anapsa ndi paipi yamadzi ya galimoto ina, chipsera chake n'kukhala pomwepo. Ankalira kuseri kwa shedi, kupukuta nkhope ndi mpango, n'kubwereranso pansi pa boneti.

Koma panali chinthu chimodzi chimene makanika wina aliyense mumsewumo analibe. Popeza Khutu sankaona, chilichonse chimene mkazi wake wamasula ankayenera kuchifotokoza ndi pakamwa.

"Ndi chamtundu wanji? Chonyowa kapena chouma? Chikununkha bwanji? Musandiuze kuti chaipa, mayi, ndiuzeni chimene mukuona."

Amakanika ena ankati akamasula chitsulo amangochiponya pansi n'kuitanitsa chatsopano. Iye ankachitembenuza, kuchinunkhiza, kuchikanda ndi chikhadabo, kufunafuna mawu ochifotokozera. Mosadziwa, anaphunzira kuyang'ana.

M'shedimo munali waya wautali wopachikidwa kudenga, ndipo pawayapo panali patatungidwa tizitsulo tambirimbiri tooneka ngati tizivundikiro tokhala ndi sipuling'i. Mphepo ikawomba tinkalira ngwingwingwi. Tsiku lina anafunsa kuti n'chiyani.

"Mathemositati amenewo," anayankha Khutu monyadira. "Ndi kachitseko ka madzi. Kamatseka madzi kuti asazungulire msanga kupita ku ledieta kukazizira. Anakapangira mayiko achisanu, kuno kamangowotcha injini. Galimoto iliyonse yolowa pano ndinkakachotsa. Amene anandiphunzitsa ntchito ankatero, ndipo mumsewu uno aliyense amatero."

Mayiyo anangovomera. Akanatsutsa ndi chiyani?

Nyengo yozizira inkapita kumapeto. Ntchito zinkabwera, koma zinali zing'onozing'ono, ya lero yosadziwika ngati ibweretsa ya mawa. Wometa tsitsi uja anali atabwera kale kawiri kudzayeza khoma lopachikapo galasi lake. Ulendo wachiwiriwo anafunsanso ngati fungo la oyilo limatha ukakolopa ndi sopo.

Kenako m'mawa wina kunamveka chiphokoso chochokera kumtunda kwa msewu. Inali galimoto yonyamula buledi, ikubwera monjanja, ikutsokomola, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Inalowa pageti n'kuzima yokha.

Munatsika mayi mwini bekale, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula.

"A Khutu, galimoto iyi inali bwinobwino mpaka inu munaigwira komaliza, musanavulale. Kuzizira kutangoyamba, yayamba misala. Ndazungulira nayo magalaja onse. Aliyense amasintha mapulagi, imayenda masiku angapo, kenako yayambiranso. Wina anasintha koyilo, wina anasintha sensa. Petulo ikumwa ngati chidakwa, buledi akufika mochedwa, mashopu ayamba kutenga kwa ena." Anatembenukira kwa mkazi wa Khutu n'kumuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato. "Ndamva kuti tsopano manja ndi inu. Mukaichiritsa, magalimoto anga onse azibwera kuno. Mukalephera, musadzandipatsenso moni."

Magalimoto onse a bekale! Imeneyo ndiyo ntchito imene alamu ankanena.

"Lizani injini," anatero Khutu kwa dalaivala wa galimotoyo.

Injini inalira, galimoto yonse n'kumagwedezeka. Khutu anapendeketsa mutu.

"Ikumisa. Moto ukuphonyaphonya m'katimo. Mayi, pitani kumbuyo, mukumva chiyani?"

Mayiyo anawerama pa ekizozi n'kubwerera msanga akutsokomola. "Fungo la petulo wosapsa, mpaka likulasa m'maso. Utsi wake ndi wakuda, si wabuluu ngati wa oyilo."

"Masulani mapulagi."

Anamasula yoyamba n'kuiyang'ana padzuwa. "Yada bii. Koma si oyilo ayi, ndi youma. Ndi mwaye, ukuchoka ndi chala. Ngati galasi la nyale ya palafini mukakweza chingwe kwambiri."

"Inayo?"

"Chimodzimodzi. Onse ndi akuda mofanana, bambo."

Khutu anamenya bondo lake. "Basi! Zikanakhala kuti yada imodzi, tikanati ndi waya kapena koyilo. Koma onse? Mapulagiwa alibe mlandu, akungonamiziridwa. Injini imadya petulo wosakaniza ndi mpweya. Petulo akachuluka, moto sutha kumupsereza yense, mwaye umakuta pulagi, pulagi n'kulephera kuthetheka. Ndiye funso n'lakuti, akuthira petulo wambiriyo ndani?"

Anayamba kusaka. Anatsegula eyakilina yosefa mpweya poganiza kuti mwina yatsekeka ndi fumbi, injini ikubanika. Inali yatsopano, yoyera mbee. Anaona ngati mainjekita othira petulo mu injini akudontha, onse anali ouma. Anatsatira mapaipi a mpweya limodzi ndi limodzi, anagwedeza mawaya, anatsuka zolumikizira. Palibe chimene chinapezeka.

Dzuwa likupendeka, Khutu anakhala pa tayala lakutha lija n'kugwetsa mapewa.

"Ndi kompyuta yake yafa, mayi. Magalimoto amasiku anowa si athu. Zakale zija ndinkazimva, izi zimaganiza zokha. Mawa muwauze adzatenge galimoto yawo."

Mayiyo zinamupweteka kwambiri kumva mawu amenewo, chifukwa anali mawu a munthu amene akubwerera kuchipinda kukayang'ana khoma. Anatsuka mapulagi aja ndi burashi, kuwabwezera, n'kuitana dalaivala.

"Achimwene, mawa poperekera buledi ndikwera nawo. Ndikufuna ndione mmene imadwalira."

M'mawa mwake kunali chisanu choluma zala. Dalaivala anali atavala jekete, juzi m'kati, ndi chipewa chophimba makutu. Anali munthu wokonda nkhani, ndipo anayamba asanaike n'komwe giya. Ulendo wake unali wa imaima: pashopu iyi atsitse buledi, azimitse injini, alize, pashopu inayo azimitsenso. Mayiyo ankangoyang'ana, kumvetsera, kununkhiza.

Atayenda nthawi ndithu, anaona kuti mapazi ake achita dzanzi.

"Kodi mulibe chotenthetsera m'galimoto muno?"

"Chilipo, mayi, koma chimangopemerera mphepo yozizira. Galimoto iyi siitentha, pamenepo pokha ndiye ndimaitama. A Khutu anaigwira bwino. Taonani geji iyo, singano yake siidzukako n'komwe. Ngakhale pachitunda imangogona pansi phee!"

Mayiyo anayang'ana gejiyo. Singano inali itagonadi pansi penipeni, ngati kuti injini angoiliza kumene.

"Taimani."

"Pano? Buledi achedwa, mayi!"

"Ndati taimani, achimwene!"

Anatsika, kutsegula boneti, n'kuika dzanja pa paipi yaikulu yochoka ku injini kupita ku ledieta. Anayembekeza kuti alichotsa msanga. Koma paipiyo inali yofunda chabe, ngati madzi osambitsira khanda. Anaigwira ndi dzanja lonse, n'kuyang'ana chipsera cha pamkono pake. Paipi ngati yomweyi ndi imene inamuwotcha pagalimoto ina, itayenda mtunda wochepa kuposa uwu.

Pamenepo anakumbukira zimene Khutu anamuuza tsiku lina akumuphunzitsa. Anati injini yozizira imafuna petulo wambiri kuti idzuke. Magalimoto akale unkachita kukoka choko ndi dzanja, ikatentha n'kubwezera. Amasiku ano kompyuta ndiyo imathira yokha petulo wowonjezera, mpaka itamva kuti injini yatentha.

Nanga injini ikapanda kutentha?

"Mayo ine!" anakuwa mayiyo, mpaka dalaivala anadumpha. "Kompyuta siinafe! Ikugwira ntchito yake bwinobwino! Kwa iyo kukadali m'mawa, tsiku lonse kukadali m'mawa, ndiye ikungothira, ikungothira! Tembenuzani galimoto!"

"Nanga buledi?"

"Malizani msanga, tithamange!"

Mayiyo anafika pagalaja ali wefuwefu, anatsika galimoto isanaimitsitse. Koma atamuona mwamuna wake atakhala pansi pa waya uja, tizitsulo tikulira pamwamba pa mutu wake, chimwemwe chinasanduka mantha. Munthu amene anamuphunzitsa zonse, munthu amene chinamutsalira ndi dzina lokha, akamuuze bwanji?

Anagwada pambali pake n'kulankhula motsitsa.

"Bambo, galimoto ya bulediyi munaichotsa kachitseko ka madzi kaja?"

"Ndinachotsa. Inali ntchito yanga yomaliza ndisanavulale. Bwanji?"

"Kodi inkatentha mopitirira muyeso?"

"Ayi. Inabwera kudzasintha oyilo. Ndinangochotsa mmene ndimachitira."

"Ndiye vuto ndi limenelo, bambo. Madzi akungozungulira osatsekedwa, injini siikutentha. Nthawi yotentha zinkabisika. Kuzizira kuno, ndi imaima wa bulediyu, kompyuta ikungothira petulo wa m'mawa tsiku lonse."

Nkhope ya Khutu inasintha. "Mayi, ine ndachotsa tizitsulo timeneti moyo wanga wonse. Palibe galimoto inabwerera kudzadandaula. Inu mwayamba dzulodzuloli, lero muziphunzitsa ine?"

"Zija zinali za choko wokoka ndi dzanja. Munanena nokha dzulo kuti izi zimaganiza zokha."

"Mukakabwezera, injini ya eni ake n'kupsa, mudziwe kuti tatha. Shedi yapita, dzina langa lapita."

"Tikapanda kukabwezera, shedi yapitabe," anayankha mkazi wake. Sanabwerere m'mbuyo. "Munandiuza kuti ndizikuuzani chimene ndikuona. Ndagwira paipi ndi dzanja langali, ndi yofunda chabe. Singano yagona pansi. Chimene ndaona n'chimenecho, bambo."

Dalaivala, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

Kenako Khutu anadzuka pang'onopang'ono. Anakweza manja, kupapasa mpaka anaupeza waya uja, n'kuyamba kuutsatira ndi zala. Kachitsulo kalikonse ankakadziwa. Atafika kumapeto kwenikweni anamasula komaliza, n'kukaika m'dzanja la mkazi wake.

"Ndi aka. Koma tisakakhulupirire chabe. Wiritsani madzi."

Mayiyo anathamangira kwa wogulitsa makala uja kukabwereka mbaula ndi ketulo. Anamangirira kachitsuloko ku kawaya n'kukaviika m'madzi. Wamakala anabwera kudzaonerera, manja ali m'chiuno.

"Ndinanena ine kuti tsiku lina mudzaphika injini. Mchere ndibweretse?"

Palibe anaseka. Madzi anayamba kulira, kenako kuchita thovu.

"Mukuona chiyani, mayi?" anafunsa Khutu.

"Kakadali kotseka... kotsekabe... Dikirani! Kakusuntha! Bambo, kakutseguka! Katsegula pakamwa!"

Anakatulutsa m'madzimo, ndipo katayamba kuzizira kanadzitsekanso kokha.

"Ndi kamoyo," anatero Khutu. "Kabwezereni."

Mayiyo anadula gasiketi yatsopano yoletsa madzi kudontha, kukhazika kachitsekoko pamalo pake, kumanga maboti mosamala, kudzaza madzi, n'kutsukanso mapulagi. Ali m'kati momaliza, pageti panatulukira alamu, kudzaona kuti khamu la anthu likudzatani pamalo awo.

"Lizani," anatero mayiyo.

Injini inalira, ikadagwedezekabe pang'ono. Mayiyo anagwira dzanja la mwamuna wake n'kuliika pa paipi ija. Inali yozizira. Anadikira. Dalaivala anali m'kati maso ali pageji.

"Singano yadzuka!" anakuwa. "Ikukwera! Mayi, ikukwera! Siinachitepo zimenezi!"

"Isiyeni."

"Yatsala pang'ono kufika pakati! Ndizimitse! Abwana andichotsa ntchito!"

"Mukagwira kiyi ameneyo, achimwene, tiyambana!"

Thukuta linali kamukamu pankhope pa mayiyo ngakhale kunkazizira. M'mtima ankangopemphera. Singano ikapitirira pakati, ndiye kuti wawotcha injini ya eni ake pamaso pa alamu ndi msewu wonse.

Mwadzidzidzi Khutu analumpha n'kuchotsa dzanja, akuliwaza m'mwamba.

"Yandiwotcha! Katseguka! Madzi adutsa!"

"Singano yaima!" anakuwa dalaivala. "Yaima pakati penipeni! Siikusunthanso!"

"Khalani chete nonse!" anatero Khutu. Anapendeketsa mutu monga ankachitira kale. Kulira kwa injini kunatsika, kugwedezeka kunatha, n'kuyamba kulira mosalala. Nkhope ya Khutu inayamba kumasuka, mpaka mano onse anaonekera. "Yasiya kumisa. Mayi, yasiya! Kumbuyoko kuli bwanji?"

Mayiyo anathamangira ku ekizozi. Utsi wakuda unali kutha, fungo lolasa m'maso lija linali litachepa. Misozi inangotsika. Wamakala uja ndiye anayamba kulumphalumpha ngati galimotoyo ndi yake.

Alamu anakanda m'mutu. "Paja ikachoka m'magalaja enawo imayendanso bwino masiku angapo," anatero. Sananame, ndipo mayiyo ankadziwa zimenezo.

Masiku otsatirawo anali aatali. Galimoto iliyonse ikamveka kumtunda, ankatulukira pageti mtima uli m'mwamba. Sabata inatha, ina n'kuyamba, bekale ili zii. Chisanu chinatha, dzuwa linayamba kuwotcha.

Tsiku limene alamu anabweranso, anabwera ndi wometa tsitsi uja, atanyamula galasi lake lalikulu pamutu. Anali asanafike pageti pamene hutala inalira kumbuyo kwawo. Inali galimoto ya buledi ija. Kumbuyo kwake kunali ina, kumbuyo kwa inayo kunalinso ina, mpaka wometa anachita kukanirira kumpanda ndi galasi lake kuti zidutse.

Mwini bekale anatsika, ndipo asanapereke moni anati, "Masulani pulagi tione."

Mayiyo anamasula imodzi, n'kuiyang'ana padzuwa.

"Ndi yamtundu wanji?" anafunsa Khutu.

"Yofiirira, bambo. Youma, yoyera bwino. Ngati khungu la buledi wopsa bwino."

"Petulo yasiya kumwa ngati kale," anatero mwini bekale. "Enawa nawonso mageji awo agona pansi. Onse anadutsa m'manja mwa amakanika a mumsewu uno. Muyambire iti?"

Alamu anayang'ana magalimotowo, anayang'ana mlamu wawo ali mu ovololo yopinda m'miyendo, n'kuvula chipewa monga anachitira tsiku loyamba lija. Koma ulendo uno sanaseke.

"Alamu, shedi ndi yanu," anatero. Kenako anatembenukira kwa wometa. "Bwanawe, galasilo likulemera, tiye tikafune malo ena."

Dalaivala wina wa bekale, amene anali asanafikepo pagalajapo, anayandikira Khutu n'kupereka moni. "Pepani bambo, makanika wake ndinu?"

Kwa zaka zonse mayi uja ankadziwika kuti mkazi wa Khutu. Anaima ndi pulagi m'manja, kudikira yankho.

"Ayi, mwana wanga," anatero Khutu mokweza, kuti msewu wonse umve. "Makanika ndi awo aima apowo. Ine ndine mwamuna wa makanika."

Lero mukapita pagalaja imeneyo mupeza magalimoto atandanda mpaka kunja kwa geti. Khutu amakhala pampando wake pakhomo, mutu atapendeketsa, ndipo mkazi wake amakhala pansi pa boneti akufuula zimene akuona. Waya uja ukadali kudenga, koma tizitsulo tatsalapo towerengeka. Tambiri tinabwerera m'magalimoto mmene tinachokera, ndipo amene amamasula pawayapo ndi Khutu mwini wake.

Mwina inunso lero mwakhala pa tayala lakutha, wilibala yaima kale pakhomo. Mwina amene mumadalira wagwa, ndipo anthu akuseka mukatchula zimene mukufuna kuchita. Mayi uja anayamba akudziwa dzina la hamala yokha. Anakhala pabokosi ali ndi mantha, analakwitsa, analira, koma m'mawa uliwonse ankatsegulanso boneti. Ndipo tsiku limene maso ake anaona zosiyana ndi zimene aliyense ankakhulupirira, ananena.

Khalani pabokosi lanulo. Yang'anitsitsani, funsani, gwirani ndi dzanja lanu. Musataye mtima, ngakhale singano itagona pansi chotani. Dzukani mawa, mukatsegulenso boneti.